Zitseko Zonse Zikhale Zobiriwira

Chikwangwani chamkuwa chimene anakhoma pageti chija Mayi Eulogia ankadana nacho kuyambira tsiku loyamba. Chinkati mdadada wa nyumba zawozo ndi chuma cha mzinda wa Santiago, ndipo palibe wololedwa kukhomapo ngakhale msomali. Chuma chanji chodontha mvula? Nyumbazo zinali mizere iwiri yoyang'anizana, zogundana makoma, pakati pali kanjira kopanikiza. Amene anazimanga kalekalelo ayenera kuti anali waulesi m'mutu, chifukwa anangojambula khomo limodzi n'kumalibwereza mpaka kumapeto. Zitseko zazitali, kagalasi pamwamba, zonse zobiriwira.

Chitseko cha Mayi Eulogia chokha ndicho chinali chofiira psuu. Anachipaka okha pamene amuna awo, a Baldomero, anayamba kuiwalaiwala. Mkuluyo anali ataiwala mayina a zidzukulu, ataiwalanso kuti ntchito ya sitima anapuma kale, koma m'mawa uliwonse ankavala chipewa, n'kupita pakona kukagula buledi, ndipo pobwera ankalunjika pachofiirapo osaphonya. Ulendo umenewu ndi wokhawo umene unatsala woti n'kuyenda okha ngati munthu wamkulu.

Ndiye kunabwera a Aquilino, wapampando wa anthu a mumdadadamo, akusisita manja ngati akumva kuzizira.

"Mayi, akuluakulu oyang'anira zakale aja akuti denga satikonzera mpaka zitseko zonse zibwerere mtundu wake woyamba."

"Akauzenso mvulayo idikire penti."

"Musatero, mayi. Tonse tikugona ndi mabeseni chifukwa cha chitseko chanu chimodzi. Bwanji mungolembapo nambala yaikulu?"

"Nambala? Munthu wosadziwa kuti lero n'lachingati? Inu a Aquilino, si bambo omwewa anakuberekani kumsana tsiku la chivomezi, kabudula wanu atanyowa? Lero mwamera ndevu, mwayamba kusankha mitundu! Chokani pakhomo panga."

Anachokadi, koma anadikira tsiku limene mayiwo anaperekeza amuna awo kuchipatala. Pobwera, mayiwo anapeza chitseko chawo chili biriwiri, penti akununkha, makatani a nyumba zonse atatsekedwa. Mayi Eulogia anapsa mtima. Chimene chinawawawa kwambiri si akuluakulu aja, amene sanagonepo m'nyumbamo n'kamodzi komwe, koma anthu amene kwa zaka zonsezi ankabwerekana nawo shuga ndi kuyanika zovala pachingwe chimodzi.

Kutacha a Baldomero anavala chipewa chawo. Mayiwo anaganiza zowatsekera, koma anakana mumtima, ati mwamuna wanga si mbuzi. Anawalola kupita, iwo n'kumasuzumira pawindo.

Mkuluyo anabwera buledi ali m'khwapa. Anafika pakati pa kanjira kaja n'kuima. Anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. Anayenda mpaka kumapeto, n'kubwerera, akuyang'anitsitsa chitseko chilichonse. Anagogoda kwa a Aquilino, koma kunali zii, ngakhale katani inagwedezeka.

Mayi Eulogia anatuluka. A Baldomero atawaona anavula chipewa mwaulemu.

"Pepani mayi, ndasokera pang'ono. Ndikufuna nyumba ya chitseko chofiira. Mkazi wanga akudikira bulediyu."

"Ndi pano, bambo. Tiyeni tilowe."

"Iyayi, mayi. Ine sindilowa m'nyumba za eni."

Mayiwo sanalire ayi, ukali unali utaumitsa misozi. Analowa m'nyumba, anasolola bulangete lofiira pabedi, anatenga nyundo ndi misomali ikuluikulu ya amuna awo. Anayala bulangetelo pachitseko chotetezedwacho n'kuyamba kukhoma. Phokosolo linayenda m'makoma ogundanawo mpaka nyumba yomaliza, penti wamuwisi akumata zala.

"Tulukani mudzaone chuma chanu!" anakuwa motero. "Kaitaneni akuluakulu anuwo adzandimange!"

Palibe anatuluka. Koma nkhope ya a Baldomero inawala. Anavala chipewa, anadutsa mayi wanyundoyo osamuyang'ana n'komwe, anakankha chitseko, n'kuitana m'nyumba mopanda munthumo.

"Eulogia! Ndabwera, mkazi wanga. Lero anthu anandibisira nyumba."

Anaima pamenepo kudikira yankho. Mayi Eulogia anali kumbuyo kwawo, panja, msomali wotsala uli m'manja. Bulangete linali litagwira kale, koma anaukhomabe mpaka thabwa linang'aluka.