Mpira wa Eni Ake

Bizwick anali ataliza kale galimoto panja pa nyumba yawo ku Beech Grove pamene mwana wake Melissa ankatuluka, golovesi lake lachikopa lili kukhwapa. Bambo wazaka makumi asanu, koma m'mawa umenewo ankachita phuma ngati mwana wasukulu tsiku la ulendo. Anavala majekete awiri ndi chipewa chabuluu chomwe anagula dzana, kapepala ka mtengo kakulendewerabe kumbuyo.

Mkazi wake, Vainess, anaima pakhomo atafunda bulangete. "Bambo a Melissa, mukadraive bwino. Mukakafika mukafunse malamulo ake, musakatichititse manyazi."

Bizwick anangoseka. Anati mpira ndi mpira basi. Iye amene anakhala goloboyi zaka zisanu ndi ziwiri ku Ndirande, akudziponya pabwalo lamiyala, angamuphunzitse ndani za mpira?

Kunena zoona, besibo, mpira wa ku Amereka womenya ndi chibonga, sankaidziwa ngakhale kumene imayambira. Chomwe ankadziwa n'chakuti Melissa amaikonda kufa nayo, ndiponso kuti mwanayo, atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, anayamba kumulankhula ngati mlendo: mwadzuka bwanji, ndapita, basi. Wolakwa anali Bizwick yemwe. Ntchito ya kunyumba yosamalira okalamba inkamudyera Loweruka lililonse, ndipo za masewero a Melissa kusukulu ankangozimvera kwa Vainess. Walira mvula walira matope: anabweretsa banja ku Amereka, Amerekayo n'kumutengera mwana. Choncho atamva kuti timu ya ku South Bend yabwerako kokonzekera ku Arizona, ndipo ichita zokonzekera zomaliza anthu akuonerera ligi isanayambe, anasinthana shifiti ndi mnzake. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti pobwerera mwanayo akhale wake ngati kale.

Anayenda maola awiri ndi theka, minda ya chimanga ili yosadzalidwa mbali zonse za msewu. Iye ankafunsa m'Chichewa, mwana n'kumayankha m'Chingerezi, mawu awiri awiri ngati akugula. Koma atayandikira South Bend, Melissa anamasuka. Anayamba kutchula mayina a anyamata a timuyo, uyu amaponya mwamphamvu, uyo sachedwa kukwezedwa kupita ku timu yaikulu. Bizwick ankangovomera ndi mutu, mtima ukuvina. Anadabwa kuti munthu wongokaonerera akutengeranji golovesi, koma sanafunse.

Bwalolo linamutenga mtima asanakhale n'komwe pansi. Udzu unali wobiriwira, wometedwa mizeremizere, mwakuti anaumvera chisoni poona anthu akuupondaponda. Fungo la mbuliwuli ndi masoseji linkabwera ndi mphepo yozizira ya mwezi wa Epulo. Osewera anali pafupi zedi, moti ankamveka akamasekana. Wina akamenya mpira ndi chibonga, phokoso lake linkalowa mpaka m'mano, ndipo Bizwick ankadzuka n'kuwomba m'manja, kaya mpirawo wapita koyenera kaya ayi. Mayi wina wachikulire wokhala kumbuyo kwawo, atafunda bulangete m'miyendo, ankamuseka mokondwa. Ngakhale Melissa anamwetulira kamodzi, ndipo Bizwick anakuona kumwetulirako.

Kenaka mpira wina unaphonya njira. Unakwera m'mwamba, n'kukhota, n'kuyamba kutsikira kumabenchi kwawo. Anthu anadzuka, manja m'mwamba. Melissa anatambasula golovesi, koma unali pamwamba pake. Bizwick sanaganize chilichonse. Thupi linakumbukira lokha za ku Ndirande. Anadumpha, majekete awiri ndi zonse, n'kuuwakha ndi dzanja limodzi lopanda kanthu. Chikhatho chinayaka moto, koma mpira unali m'manja. Mbali yonse ija inawomba m'manja ndi kuimba likhweru, ndipo Melissa anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Tsono kwawo kwa Bizwick mpira unkakhala umodzi, wosokedwasokedwa, ndipo ukatuluka masewero onse ankaima kudikira iwo. Woonerera wochedwa kuubweza ankatukwanidwa, wothawa nawo ankathamangitsidwa ngati wakuba nkhuku. Munthu woleredwa bwino sasunga mpira wa eni ake. Choncho Bizwick, pofuna kuti mwana wake aone kuti bambo ake ndi munthu waulemu komanso wadzanja, anakoka mkono n'kuuponya. Unauluka bwino kwambiri, n'kukagwera m'golovesi la mnyamata wamtali wa timuyo amene anaima pafupi ndi mzere wa bwalo.

Anthu anabuula onse pamodzi. Bizwick anayesa akugoma ndi kaponyedweko, mpaka anakweza chipewa. Atatembenuka anapeza golovesi la Melissa lili chitsegukire patsogolo pake, likudikira. Mwanayo analitseka pang'onopang'ono n'kukhala pansi.

Mayi wachikulire uja ndiye anamukodola paphewa n'kumufotokozera mwachifundo. Kuno mpira ukafika kumabenchi ndi wa amene wauwakha. Mipira a timu ali nayo yodzaza zidebe. Ana amabwera ndi magolovesi zaka ndi zaka kudikira mwayi umenewo, ndipo ambiri amakula osaupeza. Iye mwini, anatero, wakhala akubwera zaka makumi atatu ndipo sanaugwirepo.

Manyazi anamugwira Bizwick. Mawu a Vainess anamubwerera, ndipo anavomereza mumtima kuti safunsa anadya phula. Anakhala pansi pafupi ndi mwana wake, chikhatho chikupwetekabe.

"Pepa mwanangu. Sindimadziwa. Ndimayesa ndi wa eni ake."

Melissa anayankha m'Chingerezi kuti palibe vuto, maso ali pansapato. Bizwick ankakudziwa kuyankha kumeneko. Ndi komwe ankalandira Loweruka lililonse akamapepesa kuti sabwera kumasewero, ndipo kunkamuwawa kuposa kukalipiridwa. Anaganiza za maola awiri ndi theka obwerera, muli zii m'galimoto.

Pansi paja mnyamata wamtali uja anali akuuyang'anabe mpirawo, kenaka kumabenchi, akuseka ndi mnzake. Anakweza dzanja n'kuloza chipewa chabuluu. Anthu anayamba kukuwa, akumulozeranso Bizwick kuti adzuke. Anadzuka mwamanyazi. Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuuponya, ndipo Bizwick anauwakhanso, ulendo uno ndi manja awiri, pachifuwa, monga amachitira goloboyi.

Koma chizolowezi sichimva Chingerezi. Mutu usanaganize, mkono unali utabwerera kale kumbuyo kwa khutu.

"Adadi, ayi!"

Melissa anaudumphira mkonowo n'kuukolekera ndi manja onse awiri, golovesi litagwa pansi. Ankaseka mpaka misozi, nkhope ataitsamiritsa paphewa la bambo ake, ndipo mabenchi onse ankaseka naye limodzi.

Bizwick anali atakumbukira kale, mpirawo sakanauponya. Koma panali patapita zaka mwana wake asanamugwire chotero. Choncho anausiya mkonowo m'mwamba, n'kumaukokera kumbuyo pang'ono ngati akufunabe kuponya, kuti mwanayo asafulumire kuusiya.