Mkono Wanga, Nkhope ya Wina

Nyengo yonse yachisanu ndinaithera nditaimirira pabokosi, phewa lili pamtunda, mtsuko wamkuwa uli m'mwamba. Chisanu cha ku Dresden kuno sichiseka ndi munthu, koma amuna anga, a Wendelin Krautner, ankajambula Hebe, mulungu wamkazi wa Agiriki amene sakalamba, wothirira milungu inzake vinyo. Hebeyo ndinali ine.

"Ulrike, usagwedezeke! Hebe sanjenjemera."

"Hebe wanuyo anali ndi nkhuni, bambo."

"Pirira. Mzinda wonse udziwa kuti ndinakwatira chiphadzuwa."

Mawu amenewo ndinawameza osatafuna. Ine, mayi wa imvi zongoyamba, woperera amuna anga utoto mpaka zikhadabo kuda! Ndinkafuna ndione kamodzi kokha mmene amandionera. Nkhope ankaimalizira paokha, chitseko chotseka, chithunzi n'kuchifundika nsalu. Sindinasuzumirepo.

Masana kunkabwera Jakobine, mwana wa wogulitsa mankhwala, kudzajambulitsa chithunzi chopatsa bwenzi lake. Ndinkamuphikira khofi, n'kumufunditsa shawelo yanga kuti asazizidwe.

Tsiku la chionetsero cha zithunzi ndinavala diresi la ukwati wathu, nditalimasula m'chiuno. Anthu anali atadzadza pa chithunzi chathu. Ndinadzipanikiza mpaka kutsogolo.

Mkono unali wanga. Khosi langa. Ngakhale kachala kanga kopindika, kamene kanathyoka ndili mwana, kanalipo pa mtsukopo. Koma pamwamba pa khosilo pankamwetulira Jakobine.

Mayi Oelze, oyandikana nafe, pakamwa pawo posatsekeka, anandigunda ndi chigongono.

"Mayi Krautner, mkono uwu ndaudziwa, ndi umene umandibwereka mchere! Nanga mutu munausiya kuti?"

Anthu anaseka. Mtima unandiwawa, sindibisa. Ndinawapeza amuna anga akugwirana chanza ndi mabwana, ndipo ndinawakokera pambali.

"Bambo, munati ndine."

"Luso limatero, mayi. Timatola chokongola apa, china apo, n'kuphatikiza. Ku Roma onse amatero."

"Ndiye ine mwanditola ngati nyama ya pamsika, mutu n'kutaya?"

"Iwenso! Ndani wataya? Ulimo. Tayang'ana pakonapo."

Ndinayang'ana. Kumunsi, mumdima, kunali nkhalamba yantchito itawerama, itanyamula nsapato za Hebe. Makwinya anga a pamphumi, matumba a m'munsi mwa maso, mlomo umene ndimaluma ndikatopa. Sanaphonye ngakhale kamodzi. M'chithunzi chonsecho panalibe malo ojambulidwa bwino ngati amenewo.

"Koma nkhope iyi sindinakuimirireni," ndinatero.

A Wendelin anamwetulira, akuyembekezera kuti ndiwayamike.

"Panalibe chifukwa. Imeneyo ndinaijambula ya pamtima."