Tambula ya Pulofesa Bang

Nyama ya nkhumba inali kupsa pa makala pamene Pulofesa Bang, mkulu wa gulu lofufuza, anayambitsanso nkhani ya lipoti ija, gulu lonse lili patebulo.

"Mayi Pyo, mutu wachinayi uja muuchotse. Kwinako lipoti lili bwino."

Pyo Eun-sil anapitiriza kudula nyama ndi sizasi. Mutu umenewo ndiwo unali mtima wa kafukufuku wake. Khonsolo inalamula kuti sukulu za mkaka zizitseka mochedwa, ati kuthandiza makolo apantchito, akuluakulu n'kumadziguguda pachifuwa. Koma iye atayenda m'makomo anapeza zina. Mabwana, atamva kuti ana ali ndi powasiya, anayamba kugwira makolo ku ofesi mpaka mdima. Ana ena ankaona amayi awo bwinobwino Lamlungu lokha. Thandizo lake limenelo!

"Akhonsolo ndiwo amatidyetsa," anatero Bang. "Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Paja kontirakiti yanu ikutha mwezi wamawa, eti?"

Kufunsa ngati sakudziwa, chonsecho wosayina ndi iye yemwe.

Ma Deok-su, wofufuza mnzake, anagunda Eun-sil ndi chigongono. "Achemwali, tangochotsani. Anawo ndi anu? Inu mulibe ndi mphaka yemwe."

"Achimwene, inu zitafunani," anayankha Eun-sil. "Kuli kamtsikana kamene kamathawa mayi ake akabwera kudzakatenga, n'kukabisala kumbuyo kwa aphunzitsi. Ndikachotse kameneko?"

Bang anagugudiza mowa wake wa soju, n'kutambasula mkono, tambula ili gwa. Kwathu kuno wamkulu sadzithirira yekha, amamuthirira wamng'ono ndi manja awiri. Eun-sil ananyamula botolo ndi manja awiri ndithu. Analiika pambali pa mbale ya pulofesayo, n'kubweza manja pamiyendo.

"Mutu wachinayi sindichotsa, aPulofesa. Mukaufuna uchoke, chotsani ndi dzanja lanu, dzina langa lipite nawo limodzi."

Bang anatembenuzira tambula kwa Deok-su. Koma Deok-su, munthu woseka zilizonse, ameneyo ali ndi ana awiri ku sukulu zomwezo. Anaweramira makala, n'kumatembenuza nyama yopsa kale.

Mkono wa nkhalamba unatopa m'malere. Mapeto ake Bang anadzithirira yekha, anthu ake onse akuona.

Eun-sil anadziwa kuti ntchito yatha. Anakulunga nyama m'tsamba la letesi, n'kudya mpaka kukhuta.