Msonkhano wa M'matope

Mwana wanga Pratik anayamba kukwawa titangomaliza kuwoka mpunga, ndipo kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale pansi. Bambo ake ali kuntchito ku Qatar. Apongozi maso anafooka. Ndikapita kumunda mwanayo ndinkamumanga nsalu m'chiuno, mbali ina n'kumangirira kumtengo. Kupalira pang'ono, kucheuka. Tsiku lina ndinacheuka n'kuona nsalu yokha. Mwana anali m'mphepete mwa ngalande, msundu utamumata pamwendo.

A kuofesi ya wadi, yoyang'anira dera lathu, anali atalonjeza gulu lathu la amayi chipinda chosungiramo ana ife tikakhala kumunda. Kutacha ndinakawatenga a Dhanmaya, wapampando wathu, n'kutsika nawo phiri. Ananyamula chikalata cha gulu chili m'galasi, chovekedwa nkhata ya maluwa, chili mbuu ndi ufa wofiira umene timachipaka pa chikondwerero cha Dashain.

Mlembi wa wadi anachiyang'ana n'kupukusa mutu. "Amayi, mwachisamala ndithu, koma chinatha mphamvu."

"Chinatha mphamvu? Ndi mankhwala a chifuwa kodi?" anatero a Dhanmaya.

"Bungwe limalembetsanso chaka chilichonse. Chipinda sindingapereke ku gulu limene kuboma silikuoneka. Mwezi uno ukatha, tisungiramo feteleza."

Pobwerera sindinapite kunyumba. Ndinapita kwa achemwali Tulasa, amene amayendera amayi oyembekezera m'mudzi mwathu. Sukulu ndinalekezera panjira, choncho ndinawauza kuti, "Achemwali, musandiuze za m'mabuku. Ndiuzeni chochita."

"Zinthu ndi zitatu, amake Pratik. Muchite msonkhano waukulu wa pachaka, zokambirana zilembedwe, aliyense asaine kapena adinde chala. Ndalama zimene mumapeza poimba pa maukwati, munthu wovomerezeka aone mmene zinayendera. Kenako mutengere zonsezo kuboma, mulipire ndi chindapusa cha kuchedwa."

"Msonkhano? Si timakumana tsiku lililonse pampopi?"

"Za pampopi ndi miseche. Boma silidinda miseche."

Tinaitana msonkhano kunyumba kwa a Dhanmaya. Tinabwera anayi. Tinaitananso, tinabwera atatu, wina ali ndi chisenga m'manja, diso lili kunjira. Sindikanawada. Nyengo yopalira timagwira parma: lero tonse m'munda mwa uyu, mawa mwa uyo. Ukajomba, tsiku la munda wako umakagwada wekha.

Masiku ankatha. Ndikaona thirakitala pamsewu, ndinkati ndi feteleza uja wabwera.

Tsiku lina tikupalira, ndinaweramuka kuti ndione Pratik. Ndinaona misana ya amayi m'munda monsemo. Onse amene ankakana msonkhano anali pomwepo. Ndinabereka mwana n'kuthamangira kwa a Tulasa, matope ali m'mawondo.

"Achemwali, lamulo limati msonkhano ukhale wa pamipando?"

Anatulutsa malamulo a gulu lathu n'kuwerenga pang'onopang'ono. "Akuti mamembala adziwitsidwe tsiku lisanafike, ndipo abwere oposa theka. Za mipando sindikuziona. Koma ndikafunse kaye mlembi."

Mlembi anavomera. Tinalengeza tsiku la parma ya m'munda mwa a Dhanmaya. Itakwana nthawi ya chakudya, tinakhala pamzere wa munda, chigodo ndi chambiko zili m'mbale. A Tulasa anakhala pansi pa ambulera, akulemba. Tinafotokoza za ndalama za maukwati, tinasankha msungichuma watsopano, tinagwirizana za kasinthasintha wosunga ana.

"Sambani chalacho, a Dhanmaya," anatero a Tulasa itafika nthawi yodinda zala. "Boma likufuna chidindo, osati dothi la munda wanu."

"Lione dothilo, lidziwe kuti kuno sitisewera!"

Tinaseka, koma anasamba. Ndalama zitaunikidwa, ine ndi a Dhanmaya tinakwera basi kupita kuboma. Tinalipira chindapusa, anatidindira. Chipinda chija anatipatsa, feteleza anakamusungira kwina.

Tsopano m'mawa ndimasiya Pratik m'chipinda muja, akulimbirana supuni ndi anzake. Nsalu ija ndimadzimanga ndekha m'chiuno, ndipo ndimapalira osacheuka.

Amayi anzanga, kulembetsa gulu ndi chiyambi chabe. Chaka chilichonse chitani msonkhano waukulu, unikitsani ndalama, kalembetseninso nthawi isanathe. Ngati anthu sangabwere kumsonkhano, funsani malamulo anu, muutengere kumene kuli anthu. Chikalata chathu timachivekabe maluwa, koma kamodzi pachaka timachichotsa m'galasi n'kukwera nacho basi.