Tinapita Kukaona Bebi

Sukulu itatsekera, ndinatenga mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu n'kupita naye kumzinda waukulu kuti tikapumeko masiku anayi. Kwathu timamutcha Mafunso, chifukwa pakamwa pake sipachoka mawu oti "chifukwa chiyani". M'basi anafunsa njira yonse: nyumba zosanjikizanazo sizigwa bwanji, nanga okhala pamwambawo madzi amatunga kuti.

Ine mzindawo sunali wachilendo. Ndisanakwatiwe ndinagwirako ntchito yolera mwana kwa anthu ena olemera, zaka zisanu ndi ziwiri. Mwanayo aliyense ankangomutchula kuti Bebi. Ndinamulandira ali ndi miyezi itatu, ndinamusiya akuwerenga yekha. Dzino lake loyamba ndinayamba kuliona ndine, mayi ake ali ku ofesi.

Tinafikira kwa mng'ono wanga, amene amaluka tsitsi mu saluni ndipo amachita lendi kachipinda kuseri kwa garaja. Bedi limodzi, mbaula pakona, zovala pamisomali. Mvula inatilandira pa depoti ndipo masiku awiri sinakate. Mafunso ankangokhala pawindo n'kumawerenga matayala akutha amene anaunjikidwa panja.

"Amayi, mumzinda muja ndi muno basi?"

"Mawa tiyenda," ndinatero. "Ndikakukweza pa katungwe wachitsulo."

Tsiku lachitatu kunacha bwino. Ndikumuveka Mafunso diresi, mng'ono wanga anaona kuti inenso ndasita bulauzi yanga yabwino.

"Achemwali, mukupita kwa adona aja eti? Anakuitanani?"

"Ndingokaona Bebi. Sitikakhalitsa."

"Mwanayu mwabwera naye kudzaona mzinda, osati khitchini ya anthu. Mwana wa mwini n'gaga, saundika."

Tinakwera maminibasi awiri, n'kuyenda pansi mtunda ndithu. Geti linali lomwe lija koma alonda anali ena. Anatiimika padzuwa pafupifupi ola, kenako anatilozera khomo lakuseri, ngati kuti sindikulidziwa.

Adona anatilandira m'khitchini. Sanachite mwano ayi. Anandigwira dzanja, anati ndanenepa, n'kuuza mtsikana wantchito kuti atipangire tiyi. Mafunso anakhala pampando miyendo ili lende, maso ali pa filiji yaitali kuposa chitseko cha kwathu.

"Bebi!" anaitana adona. "Tatsika udzaone amene wabwera."

Anatsika namwali wamtali kundiposa, tsitsi lometa, timawaya ta foni tili m'makutu. Ndinaimirira msanga mpaka tiyi anatayikira pa siketi.

"Anti awa ukuwakumbukira?" anatero adona. "Ndi amene anakulera."

Anachotsa kawaya kamodzi. "Muli bwanji, anti?"

"Wakula iwe!" Mawuwo atatuluka ndinachita nawo manyazi. "Mwakula. Chipsera cha pachibwanocho chikadalipo. Tsiku limenelo ndinakuberekani mpaka kuchipatala, ine wopanda nsapato."

Anagwira pachibwano. "Amati ndinagwa pa njinga."

"Pa masitepe. Awo mwatsikawo."

"Oo," anatero, n'kuyang'ana mayi ake.

M'chikwama ndinali ndi maliboni ofiira amene ndinamugulira ndili kwathu. Pogula, m'mutu mwanga munali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Nditaona mutu wometawo ndinaganiza zongobwerera nawo, koma Mafunso anandikoka mkono.

"Amayi, mwaiwala! Mupatseni maliboni aja!"

Ndinawatulutsa. Bebi analandira ndi manja awiri, anathokoza, anawaika pamwamba pa filiji, n'kukwera kuchipinda kwake. Sanakhale nafe ngakhale mphindi zitatu.

Adona anadikira kuti mtsikana wantchito atuluke ndi zinyalala, ndiye anatsitsa mawu.

"Mwabwera bwino. Uyu akuchoka mwezi ukatha. Chichokereni inu sindinapezenso munthu wokhulupirika. Bwanji mubwerere? Chipinda chanu chija chilipo. Kamwanaka mukhoza kukasiya kwa abale, muzikakaona pa holide."

Bambo ake a Mafunso ntchito inawathera chaka chatha, ndipo pakhomo timadalira tomato amene ndimagulitsa pamsewu. Zimenezi zinandibwerera zonse nthawi imodzi.

"Ndikaganiza kaye," ndinatero.

Anatenga nambala yanga, n'kutiperekeza mpaka pakhomo lakuseri.

Titatuluka pageti ndinamugwira Mafunso dzanja n'kulowera kumene kunali bwalo la ana, komwe ndinkapita ndi Bebi madzulo aliwonse. Tinapeza anathirapo simenti. Anthu ankatsukirapo magalimoto, thovu likuyenderera mpaka mumsewu. Katungwe anatsala mizati iwiri yokha, ndipo anamangapo chingwe choyanikira nsanza.

"Anachotsa kalekale, mayi," anatero bambo wina atanyamula ndowa.

Kumwamba kunayambanso kuda. Ndinaona ngolo ya ayisikilimu ndipo ndinamugulira mmodzi. Anangomugwira osanyambita, mpaka anayamba kusungunukira m'zala.

"Idya, mwana wanga."

"Amayi, mukandisiya kwa ndani?"

"Sindikusiya kwa aliyense."

"Nanga bwanji simunawauze kuti ayi?"

Ndinagwada n'kuyamba kumupukuta zala ndi mpango, chimodzichimodzi, kuti ndisamuyang'ane kumaso. Mvula inatipeza tili pomwepo. Ndinamubereka, ngakhale ndi wamkulu woti sangaberekedwenso, ndipo tinafika pokwerera minibasi tili chonyowa. Ayisikilimu uja anagwera m'ngalande. Sanalire.

Mng'ono wanga atationa anangotenthetsa madzi n'kumusambitsa mwanayo. Anayesa kumuseketsa, ati amuluka tsitsi la mtauni kuti anzake akamusirire, koma Mafunso anakana kukhala pamiyendo pake. Anabwera kudzatsamira pa ine.

M'mawa mwake tinapita ku depoti. Tikudikira basi foni inalira. Unali uthenga wa adona: "Mwaganiza bwanji? Ndiyankheni lisanafike Lachisanu." Ndinawerenga kawiri n'kubwezera foniyo m'chikwama. Sindinayankhe, komanso sindinafufute.

Basi isananyamuke ndinafuna kupita kuchimbudzi. Ndinamukhazika Mafunso pa benchi pafupi ndi mng'ono wanga.

"Khala ndi amayi aang'ono. Ndibwera pompano."

Anadumpha n'kugwira siketi yanga ndi manja onse awiri. Ndinayesa kumumasula zala, iye n'kumagwiritsitsa. Mayi wolipiritsa pakhomo la chimbudzi anati ana aakulu chonchi amalipira paokha. Ndinalipira awiri. Tinalowa tonse m'kachipinda konunkhako, iye ataima pakona, nsonga ya siketi ili m'manja.