Ulusi m'diso la Twaibu

Twaibu anali telala wamakani. Atasoka zaka khumi ndi ziwiri m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mmwenye wina ku Phoenix, dera lina la mu Durban, ankadziyesa wodziwa chilichonse cholowa m'maso. Ndiye timizere takuda titayamba kuyandama kutsogolo kwake, sanataye nthawi n'kuganiza.

"Ndi ulusi uwu," anauza mkazi wake Shamim. "Nsalu za masiku ano zimangoyoyoka. Tandiuzira m'disomu."

Shamim anauzira, anatsuka ndi madzi amchere, anatokosa ndi nsonga ya mpango. Miyezi isanu yathunthu, anthuni, munthu wodwala shuga akusaka ulusi m'diso. Mapilisi ankamwa akawakumbukira, ndipo kuchipatala sankapondako poopa kufunsidwa mapepala okhalira m'dzikomo.

Tsiku lina masana akusoka diresi la mkwatibwi, diso lamanzere linangoti psuu mkati, kenako mdima bii. Linatsala lamanja, nalonso ulusi unali utayambamo kale.

Dokotala wa maso m'tauni anafotokoza pang'onopang'ono m'Chingerezi. Shuga anatseka mitsempha ya magazi ya kumbuyo kwa diso, ndiye diso likumeretsa timitsempha tatsopano tosalimba, tomwe timaphulika. Ulusi uja anali magazi. Lamanzere linapita basi. Lamanja angayese kulitentha ndi makina a leza, otentha ndi kuwala, koma afuna adziwe kaye kuti likuona mpaka pati.

Dokotalayo anamuphimba lamanzere, n'kubwerera m'mbuyo. "Zala zingati izi?"

Twaibu anatong'ola diso mpaka misozi. Kunali chifunga chokhachokha. Pomwepo anamva chala cha Shamim, amene anaima kumbuyo kwake, chikumudina pamsana mobisa: kamodzi, kawiri, katatu. Ndi mmene mayiyo ankamupulumutsira powerenga manambala a pa tepi, makasitomala akabwera ndi nsalu, kuti mbiri isatuluke yoti telala wachita khungu.

Kungonena kuti zitatu, akanatuluka m'chipindamo adakali telala. Analakalaka kutero, sindikunama ayi.

"Zingati, baba?" anafunsanso dokotala.

Twaibu anapinda mkono n'kugwira dzanja la mkazi wake. Anayankhula Chichewa mokweza, zimene sankayerekeza pagulu mu Durban muno poopa kudziwika kuti ndi mlendo.

"Basi, Shamim, usandidinenso. Ngakhale dzanja lawolo sindikuliona. Auze zoona, mwina atipulumutsira kotsalako."

Shamim anatembenukira kwa dokotala n'kuyamba kumasulira zonse m'Chingerezi.