Mapiritsi a m'thumba la Ababa

Mpando wa m'chipinda cha dokotala unkanditentha, ndiye ndinangoimirira.

"Khansa ya m'magazi ija yabwerera," anatero Dokotala Nermin. "Mankhwala aja sakuigwiranso."

Mchimwene wanga Ragab anasuzumira pakhomo. Ababa anali pabenchi panja, akuseweretsa mikanda yawo ya mapemphero. Iwo ankadziwa kuti akudwala kuchepa magazi basi. Analamula choncho ndi Ragab, poti kwathu ku Asyut matenda amenewa satchulidwa pamaso pa wodwala. Akuti dzinalo limapha msanga kuposa matendawo.

"Zatheka bwanji?" ndinafunsa.

"Mankhwala amapha maselo oipa ambiri, koma ena ochepa amakhala atasintha, mankhwala n'kusowa pogwira. Otsalawo ndi amene amaswana. Zimachitika ngakhale kwa womwa mokhulupirika, koma wodumphitsa amawapatsa mpata. Amamwa tsiku lililonse?"

"Osaphonya," anatero Ragab.

Bodza! Mkanjo wa Ababa ndimachapa ndine, ndipo m'thumba ndimapezamo mapiritsi. Akangopezako bwino amati magazi adzaza. Mapiritsi ena anagawira mnzawo Fathi, wophika buledi, ati nayenso amamva chizungulire.

Dokotala anati alipo mankhwala ena oti tiyese, koma amenewo akaseweretsedwa, zotsala n'zochepa.

Titatuluka, Ragab anandigwira mkono.

"Iwe Wafaa, ukawauza, wawapha ndiwe."

"Chifundo chanucho ndiye chawachiritsa, achimwene?"

"Tinkhani tiwiri ta pafoni, basi wasanduka dokotala?"

"Magaziwo ndi anu kapena ndi awo? Ndisiyeni!"

Ndinakagwada pamaso pa Ababa. Ndinalitchula dzinalo, lonse. Mayi wina amene anakhala pambali anasendera kutali.

Mikanda inaima.

"Kuyambira liti?"

"Chaka chatha, Ababa."

"Nonse mumadziwa? Ndi amako omwe?"

Ragab anayang'ana pansi. Ine ndinkadikira kuti Ababa akomoke, monga aliyense ananenera. Koma anapisa m'thumba, n'kutulutsa mapiritsi atatu okutidwa ndi ulusi wa nsalu, n'kuwayang'anitsitsa.

"Ine kumayesa ndi owonjezera magazi. Ragab, muimbire Fathi asiye kumwa, tisamuphe munthu wosalakwa."

Anadzuka, n'kuwongola mkanjo.

"Ababa, mukupita kuti?"

"Kwa dokotala. Anene pamaso panga. Inu awiri mukhale pabenchipo, muone mmene pamakomera."